Khirisimasi ya Mphunzitsi Wachilendo ku Kanyama

Munthu wochokera ku Lilongwe akakwera basi ya ku Lusaka, amadutsa pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, nkuima pang'ono ku Chipata, kenaka nkuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu waukulu wa Great East. Amapyola Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, natsika mapiri okhotakhota mpaka pa mlatho wa Luangwa, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Ine ndidayenda ulendo umenewu mu Januwale 2023, ndili ndi sutukesi imodzi, katoni ya mabuku, ndi chiphaso chondilola kugwira ntchito m'dziko la Zambia. Asisitere ena amene adandidziwira kwathu ku Dedza ndiwo adandiitana kuti ndikaphunzitse pa sukulu yawo yaing'ono m'komboni ya Kanyama.

Njira yonseyo mtima wanga sudavomere kuti ndatuluka m'dziko langa. Minda ya chimanga inali yonga ya kwathu, pa zikwangwani za masitolo panali maina a Phiri, Banda ndi Mwale, ndipo amene ndidakhala nawo pampando ankandiyankha m'chinenero cha amayi anga. Uchilendo udayamba nditatsika pa siteshoni ya Intercity. Mnyamata wina adagwira sutukesi yanga nati, "Muyenda kuti, bakamba?" Ine pomva za kamba ndidayesa kuti akupempha chakudya changa cha paulendo, ndipo ndidampatsa mazira awiri owiritsa amene adatsala m'thumba. Anzake adaseka mpaka kugwira m'mimba. Pambuyo pake ndipamene ndidadziwa kuti ku Lusaka mawuwo ndi aulemu, monga momwe ife timanenera kuti "akuluakulu".

Mzinda womangidwa ndi anthu obwera

Kanyama ili kumadzulo kwa mzinda, kuseri kwa msika waukulu wa Soweto. Ndi malo athyathyathya, a nyumba za mabuloko a simenti zothithikana, ndipo njira zake zambiri ndi zopapatiza kotero kuti wilibala ya makala ikakumana ndi inzake, imodzi iyenera kubwerera m'mbuyo. Ndidapeza chipinda pa mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi. Mwini wake anali mayi wamasiye wa ku Petauke, amene adabwera mumzindawu ali mtsikana. Kumanja kwanga kunkakhala kalipentala wa Chibemba ndi banja lake, kumanzere mlonda wa Chilozi wa ku Mongu, ndipo kumapeto kwa mdadada kunali telala wa ku Congo. Mchere ndi sopo tinkagula pa kasitolo ka bambo wina wa ku Rwanda. Pa anthu akuluakulu onse a pabwalo lathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene mchombo wake udagwera ku Lusaka.

Zimenezi nzosadabwitsa kwa munthu wodziwa mbiri ya mzindawu. Lusaka idayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji, ndipo idatenga dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. Mu 1935 boma la atsamunda lidasamutsirako likulu kuchokera ku Livingstone. Okonza mapulani adasamala za maofesi a boma ndi nyumba za azungu, koma munthu wakuda ankamuona ngati wantchito wa kanthawi chabe, amene adzabwerera kumudzi ntchito ikatha. Tsono omanga nyumba, oswa miyala ndi ophika m'nyumba za azungu adayamba kudzimangira tizisakasa pa minda ya eni malo ndi pa misasa ya makampani. Ndicho chifukwa chake makomboni ena ali ndi maina achizungu: John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga, ndipo George ndi dzina la munthu amene anali mwini malowo. Ena adalandira maina a chiyembekezo, monga Chawama ndi Mtendere. Matero ngosiyana pang'ono, pakuti adamangidwa mwadongosolo m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito achikuda. Lamulo la mu 1974 ndilo lidatsegula njira yoti makomboni avomerezedwe, ndipo m'zaka zotsatira George ndi Chawama zidalandira misewu ndi mipope ndi chithandizo cha World Bank. Anthu oposa theka a mumzindawu amakhala m'malo otere, ndipo mbali ya mabwana amaitcha kuti "kumayadi".

Tsiku la m'komboni limayambira pa madzi. Tambala asanalire kachiwiri, amayi ndi ana amakhala atandanda kale ndi zigubu za malita 20 pa kanyumba kogulitsira madzi. Masiku oyamba ndinkachita manyazi kuima pamzere pamodzi ndi ana amene ndinali kudzawaphunzitsa m'mawa womwewo, koma ludzu lidathetsa manyaziwo. Pamzere pomwepo ndipo ndinkamva nkhani zonse: mtengo wa ufa, wodwala, wobadwa, ndi amene wathawa ngongole usiku. Pobwerera ndinkakoleza mbaula, kuphika tiyi, ndi kuthamangira kusukulu. Madzulo amayi ambiri ankagula ufa wa tsiku limodzi m'kapulasitiki kakang'ono kotchedwa pamela, pakuti thumba lathunthu linali la okhawo olandira malipiro a pamwezi.

M'kalasi

Sukulu yathu inali ya mtundu wa zija zimene zidachuluka m'makomboni m'zaka za m'ma 1990, pamene makolo ambiri adalephera kulipira fizi ndi kugula yunifolomu, ndipo ana amasiye adachuluka chifukwa cha Edzi. Mipingo ndi anthu wamba adayamba kusonkhanitsa ana oterewa m'matchalitchi ndi pansi pa mitengo. Boma lidachotsa fizi ya Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndipo mu 2022 lidachotsanso ya kusekondale, komabe sukulu za boma sizidathe kulandira mwana aliyense. Kwa ife kunkabwera mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amene sadagwirepo pensulo, ndi mtsikana amene adasiya sukulu kuti alere ang'ono ake.

Chodabwitsa changa chachikulu chinali chinenero. Ndidabwera ndili wotsimikiza kuti Chinyanja ndi Chichewa nchimodzi, ndipo m'mabuku zilidi choncho, kupatula kuti anzathuwa amalemba c pamene ife timalemba ch. Koma Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka chidasakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi. Madzi ndi manzi, tsopano ndi manje, makala ndi malasha, nkhwani ndi chibwabwa, kaunjika ndi salaula, katapila ndi kaloba, ndipo chipereganyu ndi chilimba. Liwu limene lidandizunza kwambiri ndi lakuti mailo, lotanthauza dzulo ndiponso mawa. Mwana akati, "Ba ticha, buku ni mailo," sindinkadziwa ngati adalipereka kale kapena adzabwera nalo, ndipo ochenjera ena adadyerapo pa umbuli wangawo kwa sabata zingapo.

Nawonso ankadabwa nane. Tsiku lina mtsikana wina wa Giredi 5 adakweza dzanja nati, "Ba ticha, imwe mukamba monga mu Baibo." Kalasi yonse idavomera. Apa ndidazindikira chinthu chachilendo: buku la Chinyanja limene boma lidawapatsa kuti ndi chinenero chawo, kwa iwo linali lovuta ngati la dziko lina, pamene kwa ine mlendo linali mawu a agogo anga. Tidapangana kuti tizisinthana. Iwo ankandipatsa liwu limodzi la m'tauni tsiku lililonse, ine nkuwapatsa la m'buku, ndipo tidalemba mawu onsewo pa katoni yaikulu imene tidaipachika kukhoma. Pofika mwezi wa Juni katoniyo idadzaza mbali zonse ziwiri.

Sindinali woyamba

Usiku wina ndikudandaula kuti ndili ndekha kutali ndi kwathu, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu adandikumbutsa kuti aphunzitsi achilendo ndi akale m'dziko lino kuposa dzina lakuti Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mphunzitsi wa ku Nyasaland, a David Kaunda, adatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukaphunzitsa pakati pa Abemba ku Chinsali. Mwana wawo Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, adakhalanso mphunzitsi asanakhale mtsogoleri woyamba wa dzikoli. Ku Lusaka kuli sukulu ya sekondale yotchedwa dzina la a David Kaunda. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo yunivesite yoyamba idatsegulidwa mu 1966. Motero sukulu za sekondale zidadzaza ndi aphunzitsi a ku Britain, Ireland, India ndi maiko ena. Ku Matero, abulazala a chipani cha Marianist adatsegula sukulu ya anyamata m'zaka zomwezo, ndipo ndi chipani chomwecho chimene ife timachidziwa pa sukulu ya Chaminade ku Karonga.

Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina imene mlendo sayenera kuiiwala. Mu 1999 khoti lina lidagamula kuti a Kenneth Kaunda, amene adalamulira dzikoli zaka 27, sanali nzika ya Zambia, chifukwa makolo awo adachokera ku Malawi. Chigamulocho chidafafanizidwa pambuyo pake, koma chidaonetsa kuti uchilendo ungathe kudzutsidwa ngakhale patapita mibadwo. Mu Epulo 2016, mphekesera zokhudza kuphedwa kwa anthu zidautsa chipolowe m'makomboni angapo, masitolo a anthu a ku Rwanda adathyoledwa, ndipo mazana a alendo adathawira ku tchalitchi cha St Ignatius. Bambo wa kasitolo kathu sankakonda kukamba za masiku amenewo. Adangondiuza kamodzi kuti amene adabisa ana ake usikuwo anali mayi yemweyo wa ku Petauke, mwini mdadada wathu.

Chaka chitha, ulendo ulephereka

Ku Zambia chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale ndi kutha kumayambiriro kwa Disembala, mwakuti tchuthi cha Khirisimasi ndicho chotsekera chaka. Ine ndinali nditasunga ndalama za basi kuyambira mwezi wa Ogasiti. Ndinkaziona kale m'maganizo mbatata za kachewere za ku Dedza, nkhungu ya m'mawa pa phiri, ndi Misa ya usiku pa tchalitchi chimene ndidabatizidwira. Koma mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu kwathu idakwera tsiku limodzi. Amayi adandiimbira foni. Sadapemphe kanthu, adangonena kuti chimanga chamera bwino koma feteleza sakugulika. Kenaka adati, "Mwana wanga, nkhope yako tidzaiona chaka chamawa, koma munda sudikira." Ndidatumiza ndalama zonse za ulendo, ndipo ndidatsala m'chipinda changa ndi mabuku osachonga.

Sabata yoyamba ya tchuthi inali yowawa. Aphunzitsi anzanga adabalalika, wina ku Kasama, wina ku Monze, wina ku Katete. Pabwalo la sukulu padamera udzu. Akulu akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ine ndinali mame amene dzuwa lawaiwala. Pofuna kuthawa kusungulumwa ndidayamba kuyendera mzinda pa minibasi. Tsiku lina ndidapita ku Mtendere, kum'mawa kwa mzinda, kukaona mnzanga wa ku Mchinji wogwira ntchito ya ulonda kumayadi. Njira yake imadzera ku Kalingalinga, kumene akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala mabedi, mipando ndi zitseko m'mbali mwa msewu, ndipo nyengo imeneyo aliyense ankafuna kuti mpando watsopano ulowe m'nyumba Khirisimasi isanafike. Msewuwo umatchedwa Alick Nkhata, dzina la woimba ndi muulutsi wotchuka wa pa wailesi amene adamwalira mu 1978, ndipo bambo ake anali Mtonga wa ku Nyasaland. Pobwerera ndidalowa m'tchalitchi chachikulu cha Mwana Yesu, chomangidwa pa bwalo limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adachitirapo Misa mu 1989. Ndidakhala pa benchi la kumbuyo kwa nthawi yaitali, osapemphera kwenikweni, kungopumula ku phokoso.

Ku Kanyama nyengo ya Adventi imaoneka ndi maso. Mvula ikagwa madzulo, ana amathamangira pansi pa magetsi ndi mabeseni kukatola inswa, zimene ife timati ngumbi. Pamsika pamabwera bowa ndi mango. Amayi a chilimba amagawana ndalama zimene adasonkha chaka chonse, nkupita ku Soweto kukasankha salaula ya ana. Telala wa ku Congo ankapalasa makina ake mpaka pakati pa usiku, ndipo ine ndinkagona ndi phokoso lakelo. Komabe chaka chimenecho panali mthunzi pa chimwemwe chonsechi. Matenda a kolera adabuka mumzinda mu Okutobala, ndipo pamzere wa madzi tidayamba kumva za nyumba zimene zatulutsa odwala. Ine ndinkawadziwa matendawa, pakuti pochoka kwathu ndidasiya mliri umene udapha anthu oposa 1,700, ndi kuchedwetsa kutsegulidwa kwa sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Usiku woyera ndi mbale zisanu

Tsiku la 24 Disembala 2023 lidagwa Lamulungu, kotero tidapita kutchalitchi kawiri: m'mawa kukatsiriza Adventi, madzulo kukalandira Khirisimasi. Misa ya usiku idayamba kusanade kwenikweni, kuti anthu abwerere kwawo njira zisanaopse. Pakhomo panali ndowa za madzi a kolorini, ndipo achinyamata ankaonetsetsa kuti aliyense wasamba m'manja. Khola la Mwana Yesu lidamangidwa ndi udzu ndi timitengo, ndipo pambali pake wina adaikapo kambaula kakang'ono, poganiza kuti Amayi Maria angamve chisanu. Kwaya idaimba m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga ndi m'Chilozi, ng'oma zikulira, ndipo atsikana aang'ono otchedwa ma Stella ankavina patsogolo atavala zoyera. Pa nthawi ya zopereka anthu adabwera ndi ufa, mafuta ophikira, makala, ndi nkhuku yamoyo imene idakuwa mpaka paguwa.

Powerenga Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, ndidamva kanthu kamene ndinali ndisadakasamalepo. Yosefe ndi Maria sadali pakhomo pawo usiku umenewo. Lamulo la boma ndilo lidawayendetsa, ndipo mwana adabadwira m'malo obwereka. Ndidayang'ana m'tchalitchimo, ndipo ndidaona kuti ambiri mwa ife tinali otero: obwera, okhala m'zipinda za lendi, osiya makolo kutali. Pa nthawi yopatsana mtendere sitidagwirane chanza chifukwa cha matenda aja. Tidangoweramirana ndi kuomba m'manja pang'ono, monga amachitira anthu polonjera apongozi.

M'mawa wa Khirisimasi ndinali nditakonza zoti ndidye buledi ndi mazira, nditseke chitseko, ndiwerenge buku. Nthawi ya 11 koloko mdzukulu wa eni nyumba, mwana wa m'kalasi langa, adagogoda nati, "Ba ticha, ambuya bakuitanani." Ndidapeza mphasa zitayalidwa pabwalo, ndipo mdadada wonse udasonkhana. Panali mpunga, nkhuku, kabichi, chibwabwa chotendera, ndi mabotolo a Fanta amene bambo wa ku Rwanda adapereka. Mayiwo adandilozera mpando wokhawo umene unalipo nati, "Aphunzitsi, khalani apa. Amayi anu akamva kuti mwadya nokha lero, adzati ku Lusaka kulibe anthu." Ndidayankha kuti, "Zikomo amayi," ndipo mawu ena adakana kutuluka.

Kalipentala wa Chibemba sadalole kuti misozi ilowe m'mbale. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chibale chonyozana mwanthabwala chotchedwa chimbuya, ndipo iye adalengeza kuti Mmalawi ndi wa kum'mawa wopitirira muyeso. Adapepesa pamaso pa onse kuti sadapeze mbewa zoti andiphikire, ndipo adandichenjeza kuti ndisakumbe pansi pa chipinda chake. Eni nyumba adandinong'oneza yankho loyenera, ndipo ndidamufunsa ngati nyama ya m'mbale yake inalidi nkhuku kapena pusi wa kwawo. Bwalo lonse lidaphulika ndi kuseka. Kuyambira tsiku limenelo sadanditchenso aphunzitsi, koma mbuya.

Pobwerera kuchipinda ndidapeza mbale zisanu zovundikira zili pakhomo, zochokera kwa makolo a ana a sukulu. Imodzi inali ndi mpunga wokhawokha wothira mchere, ndipo ndidadziwa nyumba imene idachokera, ndi kuti kumeneko nkhuku sidaphedwe. Mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu, koma ine ndinalibe chophika choyenera. Ndidaika m'mbale iliyonse makope awiri ndi pensulo, nkuzibweza ndekha khomo ndi khomo. Paulendo umenewo ndidaonanso Khirisimasi ina: mabala odzaza kuyambira m'mawa, abambo ogona m'ngalande, ndi mnyamata wina wa m'kalasi langa akugulitsa mazira owiritsa pakhomo pa bala, atavala malaya ake a masiku onse. Adandibisira nkhope, ndipo ine ndidagula mazira anayi osanena kanthu za sukulu.

Januwale wa mliri

Chaka chatsopano chidalowa ndi makombola a ana ndi mvula yamphamvu. Kanyama idamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikachuluka madzi alibe kolowera, amaima m'njira ndi m'mabwalo, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zonyansa zimadutsa m'ming'alu ya thanthwe kukalowa m'zitsime zosazama zimene osauka amatungako pamene ndalama ya pampope yasowa. Akuluakulu amakumbukabe chigumula cha mu 1978, ndi kolera wa mu 2017 ndi 2018. Sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zidaimitsidwa mpaka pa 29, kenaka mpaka pa 12 Febuluwale. Bwalo lalikulu la mpira la National Heroes lidasandutsidwa chipatala. Pofika kumapeto kwa mliriwo, anthu oposa 20,000 anali atadwala m'dziko lonse, ndipo oposa 700 adamwalira, ambiri a iwo ku Lusaka.

Usiku wina pakati pa Januwale ndidadzidzimuka ndi kugogoda. Anali mayi mwini nyumba. Mdzukulu wawo uja anali kutsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, ndipo maso anali atalowa kale. Tidawiritsa madzi, ndipo mu lita imodzi tidathira timasupuni tating'ono tisanu ndi kamodzi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, pakuti timapaketi tija timene kwathu timati Thanzi, kuno Manzi a Moyo, tinali titatha pakasitolo. Galimoto silikadatha kulowa m'njira yathu. Ine ndi mbuya wanga tidasinthana kubereka mwanayo kumsana, madzi akutifika m'mawondo, agogo ake akutiunikira ndi foni ndi kumumwetsa pang'onopang'ono, mpaka tidafika pamalo olandirira odwala. Adamuika diripi nthawi yomweyo. Patapita masiku anayi adabwerera kunyumba, wowonda koma wamoyo.

Si onse adabwerera. Bambo wina wa nyumba ya kuseri kwathu adadwala madzulo, nadikira kuti kuche, ndipo m'mawa adamwalira. Maliro a kolera alibe mwambo. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kusambitsa thupi, ndipo kumanda kudapita abale owerengeka okha. Kwa anthu amene amatseka misika ndi kusiya ntchito chifukwa cha maliro a mnansi, chimenechi chinali chowawa pafupifupi ngati imfa yomwe. Amayi a mphakati wathu adaima patali ndi nyumbayo, nayimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, nkubalalika.

Sabata yomweyo mphakati udagwirizana zoyenda khomo ndi khomo kugawa kolorini, kulimbikitsa anthu kukalandira katemera wakumwa amene adafika mwezi umenewo, ndi kuwachonderera kuti wodwala asadikire kucha. Pankafunika wolemba maina a mabanja. Onse adayang'ana ine. Ndidayesa kukana, ndikuti ndine mlendo, ndipo mwina anthu sangakonde kuti munthu wa dziko lina azilemba za m'nyumba zawo. Wapampando, bambo wachikulire wopuma pa ntchito ya njanji, adandipatsa kope ndi cholembera nati, "Aphunzitsi, inu mumatunga pa mpope womwewu. Lembani." Tidayenda sabata zitatu. M'nyumba zambiri amene ankatitsegulira anali ana anga a sukulu, ndipo iwo ndiwo ankamasulira Chinyanja changa cha m'Baibulo kuti agogo awo amve.

Kutsegulira

Pa 12 Febuluwale belu lidalira. Ndidaitana maina mmodzimmodzi, mtima uli m'mwamba, ndipo atatu sadayankhe. Awiri adatumizidwa kumudzi kuthawa matenda, ndipo adabwerera patapita mwezi. Wachitatu, mnyamata wa mazira uja, banja lake lidasamuka usiku chifukwa cha lendi, ndipo palibe adadziwa kumene lidalowera. Dzina lake ndidalisiya m'kaundula mpaka kutha kwa teremu. Patangopita masiku awiri chitsegulire sukulu linali Lachitatu la Phulusa, ndipo tidalowa m'nyengo ya Lenti ngati anthu amene adayamba kale kusala.

Mvula imene idatimiza mu Januwale idaleka mwadzidzidzi. Kumapeto kwa Febuluwale boma la Zambia lidalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndipo mu Malichi boma la Malawi lidalengeza chimodzimodzi m'maboma 23. Munda wa amayi, umene udadya ndalama zanga za ulendo, udapereka zochepa kuposa chaka chapitacho. Nditadandaula pafoni kuti bwenzi nditangobwera, amayi adati feteleza adagwira ntchito yake, yotsalayo inali ya kumwamba.

Ndidakafika kwathu pa tchuthi cha mu Ogasiti 2024. Tsiku lonyamuka, mayi mwini nyumba adandipatsa chitenje chokulunga bwino m'pepala kuti ndikapatse amayi anga, ndipo mbuya wanga adanyamula sutukesi mpaka pokwerera minibasi, akundilangiza kuti ndisabwere ndi mbewa zosakwana mdadada wonse. Ku Dedza ndidalandiridwa ndi nthungululu. Titakhala pansi, mlongo wanga adandifunsa nthawi imene ndikufuna madzi osamba, ndipo ine osaganiza ndidayankha kuti, "Manje manje." Amayi adandiyang'ana, nayang'ana chitenje chili pamiyendo pawo, ndipo adafunsa dzina la mayi amene adachitumiza, kuti azimtchula m'mapemphero a madzulo.